Kalata kwa Mphwanga wa ku Joni: Za Nthondo ndi Mabuku Ena Akale

Mphwanga wokondedwa,

Amayi ako ali bwino, kungoti bondo lija limawavutabe kukazizira. Ndalama unatumiza zija zinafika, ndipo ya mayeso a mlongo wako tinalipira nthawi isanathe. Pa zimenezo tikuthokoza tonse, usaleke.

Koma chimene ndatengera cholembera ndi china. Mlongo wako atakupempha kuti uwonjezereko pang'ono agulire buku la Nthondo, limene akuwerenga pokonzekera mayeso a Fomu 4, unamuyankha pa WhatsApp ndi mawu ojambula, ndipo iye anatiyikira tonse tili pa mphasa. Unati ndalama ya ku Joni imabwera ndi thukuta, si yoti n'kuitayira pa buku limene agogo athu adawerenga. Unati apemphe manotsi kwa anzake, aloweze, akhoze mayeso, basi. Unatsendera ndi mwambi, kuti tsabola wakale sawawa. Amayi ako anaseka. Ine ndinaona kuti nkhaniyi yakula kuposa mtengo wa buku limodzi, ndipo popeza maganizo amenewa si ako wekha (ndawamva kwa makolo, kwa aphunzitsi anzanga, ngakhale kwa ana amene amakhoza bwino Chichewa), ndati ndikuyankhe poyera kuti ena amve nawo.

Mwina ukudikira kuti ndikubwezere mwambi unzake, uja wakuti mawu a akulu akoma akagonera. Sinditero. Mawu ena akagonera amasasa, ndipo pakati pa mabuku akale alipo ambiri amene adasasa kalekale. Kuwasiya adyedwe ndi njenjete palibe mlandu. Buku sililemekezeka chifukwa cha imvi. Funso langa ndi laling'ono: kodi buku ili la Nthondo, ndi ena ochepa onga ilo, ali ndi kanthu kouza mnyamata wa msinkhu wako amene akukhala ku Johannesburg, foni ili kumanja usana ndi usiku? Ine ndikuti ali nako. Kungoti kanthuko sikali pamene sukulu imaloza.

Uyambe wamudziwa mwini wake. Samuel Josia Nthara, amene pa mabuku akale dzina lake lidalembedwa Ntara, adabadwa mu 1905, ndipo adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Amishoni a Dutch Reformed Church adafika ku Mvera mu 1889, ndipo Nkhoma adaitsegula mu 1896. Ndiye kuti Nthara adali m'gulu la Achewa oyambirira kugwira cholembera. Makolo a anthu a msinkhu wake adaona ndi maso awo nkhondo za Angoni ndi malonda a akapolo. Baibulo lathunthu m'chinenero chathu, Buku Lopatulika, lidatuluka mu 1922, iye ali ndi zaka 17. Tangoganiza: munthu akufuna kulemba nthano yaitali m'Chinyanja, ndipo pafupifupi palibe wina patsogolo pake woti amuonere njira. Zimene adali nazo ndi nthano za madzulo, milandu ya pabwalo, ulaliki wa m'tchalitchi ndi Baibulo lomwelo.

Ku London kudali bungwe lotchedwa International Institute of African Languages and Cultures, limene linkachititsa mpikisano wa zolemba m'zinenero za mu Africa. Nthara adatumiza Nthondo ndipo adalandira mphoto. Bukulo lidatuluka mu 1933. Chaka chotsatira, Thomas Cullen Young, amene adakhalapo wamishoni ku Livingstonia, adalimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa, ndipo mawu otsogolera adalemba ndi Julian Huxley, katswiri wa sayansi wotchuka ku Britain. Young yemweyo ndiye adadzagwira ntchito ndi Hastings Banda, asanakhale Ngwazi, pokonza buku la Our African Way of Life mu 1946. Nthara sadalekere pomwepo: adalembanso Mbiri ya Achewa, ndi mbiri ya mfumu Msyamboza ya ku Dowa kuno.

Ndakuuza zonsezi kuti uone kuti bukuli lidali ndi eni ake oposa mmodzi. Amishoni ndiwo adali ndi makina osindikizira, ndiwo ankalipira mphunzitsi, ndipo nkhani yotuluka m'manja mwawo inkayenera kuthera ku tchalitchi. Azungu a ku London nawo ankafuna kudziwa miyambo ya anthu akuda: mwana akabadwa amatani naye, wodwala amamuthandiza bwanji, maliro amayenda motani, mfumu amailonga bwanji. Nthara adawapatsa onse awiri zimene ankafuna. N'chifukwa chake nkhaniyo imayambira pa kubadwa kwa Nthondo, imaima apa ndi apo kufotokoza mwambo, ndipo kumapeto munthu wovuta uja, atakhala mfumu, amatembenuka mtima. Si kwathu kokha kumene makina a amishoni ankasankha chotuluka. Ku Lesotho, Thomas Mofolo adalemba buku la Chaka cha m'ma 1910, koma ku Morija adalisindikiza mu 1925. Nkhani ya mfumu yachikunja ndi mankhwala ake idadikira zaka zoposa 10.

Tsono ukaliwerenga Nthondo ngati ulaliki, ukunena zoona, ululu wake udatha. Mathero ake umawadziwa usanafike pakati. Mwana wa Fomu 1 akhoza kukuuza phunziro lake: kuba n'koipa, kusamvera akulu n'koipa, tembenukani mtima. Zimenezo amazimva Lamulungu lililonse, safunika kugula buku. Koma Nthara adali mlembi weniweni, ndipo mlembi weniweni amakodwa ndi munthu amene wamupeka yekha. Pamene Nthondo ali wosamva, wakuba, wozunguza mudzi, wonyamuka kupita kutali kukasaka ntchito, m'pamene Chichewa cha bukuli chimathamanga. Mphunzitsi wa mishoni uja ankamudziwa bwino mnyamata wotere, ndipo ndimakayika ngati ankadana naye monga momwe abusa ankayembekezera. Mudzi umene akuufotokoza si wokongoletsa ayi. Muli matenda, maliro, milandu, kukayikirana, anthu okonda mwana amene akuwachititsa manyazi. Pa nthawi imeneyo ambiri amene ankalemba za ife ankatiyang'ana ali panja. Bwana DC ankatiwerenga ngati mitu ya msonkho. Wamishoni ankatiwerenga ngati miyoyo yoti ipulumutsidwe. Nthara adatilemba ali m'kati mwa nyumba, akudziwa mmene apongozi amapewerana ndi mmene nkhoswe imayankhulira. Tilibe matepi a mawu a anthu wamba a m'ma 1930, ndipo zithunzi zambiri zimene zilipo adajambula ndi alendo. Tikafuna kumva mmene agogo a agogo ako ankakambira nkhani okhaokha, pothawira pathu ndi mabuku onga ili, ndipo ndi owerengeka.

Ndiye pali nkhani ya ulendo, ndipo apa m'pamene ndikufuna ukhale pansi. Msonkho wa nyumba udayamba m'zaka za m'ma 1890, ndipo unkafuna ndalama, chinthu chimene mudzi sunkalima. Amuna adayamba kutuluka. Ena adapita ku minda ya azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene kudali thangata. Ambiri adalowera kum'mwera, wapansi, kuwoloka Zambezi, kukafika ku Halale, ku migodi ya malasha ya ku Wankie, mpaka ku migodi ya golide ya ku Joni. Kenaka kudabwera Wenela, bungwe lolemba anthu a ku migodi, ndi ndege zake. Ena ankabwerako ndi njinga, galamafoni ndi jekete. Ena ankabwera ndi chifuwa cha mu mgodi. Ena sadabwerenso, ndipo tidawapatsa dzina lakuti machona. M'banja mwathu momwe muno alipo amene adatchona, amayi ako akakuuze. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu adaletsa kulemba anthu a ku migodi kwa zaka zingapo. Njirayo sidatsekeke. Idangosintha zoyendera.

Iwe unadzera pa Mwanza, Zobue, mlatho wa ku Tete, Nyamapanda, mpaka Beitbridge, uli m'basi, pasipoti ili m'thumba la m'kati. Unamva zimene zidachitikira alendo kumeneko mu 2008, mu 2015 ndi mu 2019, pamene mabasi ankabwera kuno atadzaza abale athu othawa, ena opanda n'chikwama chomwe. Ukuganiza kuti mavuto akowo ndi atsopano chifukwa ukuwakamba pa foni. Koma mnyamata amene mudzi wamuchepera, amene akuganiza kuti akakawoloka mtsinje waukulu akakhala munthu, Nthara adamulemba zaka zoposa 90 zapitazo. Mafunso amene ulendo wotere umabala ndi omwewo: wochoka uja akabwera, amabwera ali yani? Mudzi umulandire ngati mwana kapena ngati mlendo wa ndalama? Amene adatsala akulima munda wake, gawo lawo n'lotani? Sindikunena kuti bukuli likupatsa mayankho. Yankho la Nthara ndi la nthawi yake ndi la mpingo wake, ndipo ukhoza kulikana. Chimene likupatsa ndi kudziwa kuti msewu ukuyendamowo adauponda kale ndi ena, ndipo mmodzi wa ife adakhala pansi n'kuulemba m'chinenero chimene umalota nacho.

Ukafuna kuona bwino chimene Nthara adachita ndi chimene sadathe kuchita, umuike pambali pa Chinua Achebe. Things Fall Apart lidatuluka mu 1958, patapita zaka 25 chitulukire Nthondo. Achebe nayenso adali mwana wa mishoni. Bambo ake adali mphunzitsi wa mpingo pakati pa Aigbo ku Nigeria. Nkhani yake ndi yomweyo ya mudzi umene chikhristu chaufikira. Koma kumene Nthara akuona chipulumutso, Achebe akuona banja likung'ambika. Okonkwo, munthu wamphamvu amene moyo wake wonse akuopa kufanana ndi bambo ake aulesi ndi angongole, akupha ndi dzanja lake Ikemefuna, mnyamata amene ankamutcha bambo, pongoopa kuti anzake angamuyese wofooka. Mwana wake Nwoye akuthawira kwa akhristu, ndipo Achebe akutionetsa kuti mwanayo adali ndi chifukwa. Pomaliza Okonkwo akudzimangirira. Palibe amene akutuluka woyera, mudzi kapena mishoni. Benedicto Wokomaatani Malunga adalimasulira bukuli m'Chichewa n'kulitcha Chipasupasu, kotero wosadziwa Chingerezi alibe pothawira.

Ndani mwa awiriwa akunena zoona? Bwera pa maliro kuno ku Dowa udzaone. Mpaka lero abale amakangana usiku wonse ngati mtembo unyamulidwe ndi mpingo kapena ndi gule, ndipo pali mabanja amene salankhulana chifukwa cha zimenezi. Gule Wamkulu amene amishoni ankamuthira nkhondo, UNESCO idamulemekeza mu 2005, koma mkulu wa mpingo akapezeka ku dambwe amadulidwabe. Mlandu umene Nthara ndi Achebe adauzenga, wina mbali iyi wina mbali iyo, sunagamulidwe. Buku lingakalambe bwanji mlandu wake ukadali pabwalo?

Tsopano za manotsi aja unamulangiza mlongo wako. Ndaphunzitsa zaka zambiri, ndipo ndikudziwa mmene zimakhalira. Kalasi yadzaza, mabuku ndi ochepa, nthawi ya mayeso yayandikira. Mphunzitsi amalemba pa bolodi: ampangankhani ndi makhalidwe awo, malo ndi nthawi, mfundo zazikulu, maphunziro. Ana amakopera, amaloweza, ndipo ena amakhozadi bwino osatsegulako tsamba limodzi la bukulo. Akatuluka sukulu amanena ngati iwe, kuti mabuku akale ndi otopetsa. Atopa ndi chiyani, poti sadaliwerenge? Kuli ngati kumwa madzi otsukira mphika wa nyama n'kumalengeza kuti nyamayo sinakome. Manotsi amasunga chimene chidafa m'bukumo, chiphunzitso chija, n'kutaya chimene chili moyo, mayankhulidwe ndi kapitidwe ka nkhani. Ndikukayika ngati iwe wemwe udalimaliza Nthondo uli pa sukulu. Ngati ndikukulakwira undiuze.

Pali chopinga china chimene ndikuvomereza. Mabuku osindikizidwa kale ali ndi kalembedwe kena. Chinenerochi chidatchedwa Chichewa mu 1968, bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo malamulo a kalembedwe adasinthidwa kangapo. Mwana wa lero akapeza buku la agogo ake lolembedwa ndi c pamene ife timalemba ch, monga amachitirabe anzathu a ku Zambia, amapunthwa pa masamba awiri oyamba. Pa lachitatu diso limazolowera. Ndipo makope a masiku ano adakonzedwa kale.

Unanenanso za mabuku a azungu, kuti Shakespeare akumuthandiza chiyani mwana wa ku Mponela. Chingerezi chake n'chovutadi, ngakhale kwa Angerezi eni ake, poti Macbeth lidalembedwa cha m'ma 1606. Koma tachotsa chigoba uone chili m'kati. Msilikali wolimba mtima akumana ndi afiti amene akumuuza kuti adzakhala mfumu. Mkazi wake akumusonkhezera. Akupha mfumu Duncan imene yabwera kudzagona m'nyumba mwake ngati mlendo. Atakhala pa mpando tulo tikumuthawa, ndipo kuti abise imfa yoyamba akupha mnzake Banquo, kenaka mkazi ndi ana a Macduff. Ndi Mmalawi uti amene angati zimenezi n'zachilendo? Mikangano ya ufumu imene imathera ku khoti, anthu opita kwa sing'anga usiku chisankho chikayandikira, munthu amene adakwera popondereza anzake ndipo tsopano akuopa mthunzi wake womwe: zonsezi timaziwerenga m'nyuzipepala. Kapena tenga The Pearl la John Steinbeck, la mu 1947, limene mlongo wako akulidziwa. Kino ndi mmphawi wa m'mbali mwa nyanja ku Mexico. Mwana wake walumidwa ndi chinkhanira, dokotala wakana kumuona poti alibe ndalama. Kino atatola ngale yaikulu, dokotala yemweyo akubwera yekha pakhomo, ndipo ogula ngale onse a m'tauni apangana kuti amupatse mtengo wonyozeka. Mlimi aliyense amene adaimapo pa sikelo ya venda ndi thumba la soya, n'kupeza kuti mavenda onse pa msikapo akutchula mtengo umodzi, safunika mphunzitsi womumasulira mutu umenewo.

Akuluakulu a mu Africa adaliona kale funso lakoli, ndipo adaliyankha mosiyana. Sol Plaatje, mmodzi wa oyambitsa chipani chimene chidadzakhala ANC m'dziko ukukhalamolo, adamasulira sewero la Shakespeare m'Chitswana mu 1930. Julius Nyerere, ali pa mpando wa utsogoleri, adapeza nthawi yomasulira Julius Caesar m'Chiswahili mu 1963, ndi The Merchant of Venice mu 1969. Kamuzu adatenga njira ina: mu 1981 adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, kumene ana osankhika ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Ana amene adapitako adapindula, sindikutsutsa. Koma ukandifunsa, njira ya Nyerere ndi imene idali ya nzeru. Iye adatengera buku kwa anthu. Kamuzu adatengera ana ochepa kwa buku, ndipo mwa ena mudatsala maganizo akuti zolemba zapamwamba ndi za anthu ovala tayi. Anyamata a m'tauni amene amamasulira mafilimu m'Chichewa, aja umawaseka nawo mu vidiyo shoo uli mwana, ali kumbali ya Nyerere osadziwa. Filimu ya ku China kapena ku India, yakale bwanji, akaiyika mawu a pa msika, nyumba imadzaza. Anthu sathawa nkhani chifukwa ndi yakale kapena yakutali. Amathawa ikamakambidwa ndi mawu akufa.

Ndisakunamize kuti buku lililonse lotchuka liyenera kugwadiridwa. Heart of Darkness la Joseph Conrad, la mu 1899, azungu adalitamanda zaka zambiri ngati chimodzi cha zolemba zawo zazikulu. Likunena za ulendo wa pa mtsinje wa Congo, ndipo likuulula nkhanza za atsamunda. Koma anthu akuda m'menemo ali ngati tchire, sapatsidwa pakamwa. Mu 1975 Achebe adaimirira pa yunivesite ya Massachusetts ku America n'kunena poyera kuti bukulo n'latsankho. Mkanganowo udakalipo, ndipo ine ndili kumbali ya Achebe. Komabe taona: kuti alitsutse adayamba waliwerenga mpaka kumapeto. Athu omwe ali ndi zilema zawo. M'mabuku ambiri a Chichewa a nthawi ya amishoni ndi ya chipani chimodzi, mkazi wabwino ndi wofatsa ndi wogwada, ndipo mkazi wa m'tauni, wodzola ndi woyankha, amathera ku manda kapena ku manyazi. Wolemba ankadziwa kuti zolemba zake zidzadutsa kwa abusa, ndipo kuyambira 1968 zinkadutsanso ku bungwe la boma lounika mabuku, limene linkaletsa chilichonse chokayikitsa. Jack Mapanje adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. M'nyengo yotere ambiri adasankha kulemba za ufiti, chigololo ndi mowa, nkhani zosapsetsa mtima akuluakulu. Mlongo wako ndi mtsikana wa mutu wake, ndipo ndikufuna awerenge mabuku amenewa akukwiya pamene payenera kukwiya. Mtsikana amene wakangana ndi Nthara tsamba ndi tsamba waphunzira zambiri kuposa amene waloweza kuti Nthondo adali wakuba.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwenikweni si chakuti achinyamata asiya kukonda Chichewa. Ayi. Ndakatulo zikuwulutsidwa pa wailesi, alakatuli akudzaza maholo, ndipo iwe wemwe umanditumizira nyimbo ndi nthabwala pa foni tsiku ndi tsiku. Mumawerenga mawu ambiri pa tsiku kuposa momwe ife tinkawerengera. Koma zonsezo ndi zazifupi, zobwera m'mawa n'kuiwalika madzulo. Kukhala ndi munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwake mpaka ukalamba, kumuda, kumumvera chisoni, kumukhululukira kapena kukana kumukhululukira, foni siphunzitsa zimenezo. Ndipo mabuku otere akusowa. Kafunse m'sitolo za mabuku Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, Ntchito za Pakamwa la E.J. Chadza, Njala Bwana la Willie Zingani kapena Mtima Sukhuta la Jolly Max Ntaba, uone kuti upezapo angati. Osindikiza amabwereza buku limene lili pa mayeso, poti ndi lokhalo limene limagulidwa. Likachotsedwa pa mndandanda wa sukulu limazimirira, ndipo makope otsala amathera kukulungira mandasi ndi kupichirira fodya. Nthondo lapulumuka chifukwa mayeso alisunga, ndipo mayeso omwewo ndi amene akulipha ndi manotsi. Aliyense akanena ngati iwe kuti kugula n'kutaya ndalama, ana ako, amene mwina adzabadwira komweko n'kumayankhula Chizulu ndi Chingerezi, adzafuna kudziwa kwawo kwa bambo awo ndipo sadzapeza powerenga.

Sindikunyoza thukuta lako, mphwanga. Ndikudziwa kuti umadzuka kukadali mdima, kuti lendi ya kumeneko siyembekeza, ndi kuti pa ndalama iliyonse umatumiza pali chimene wadzimana. N'chifukwa chake sindikupempha zambiri. Tumiza ya mabuku awiri. Limodzi likhale la mlongo wako, alembemo dzina lake, alichonge ndi pensulo mmene angafunire. Linalo ndipatsira transipota wa basi akufikitsire. Uliwerenge mokweza Lamulungu madzulo, anzako a m'nyumbamo akumva, poti Chichewa cha Nthara chidalembedwera khutu. Ukafika pamene sukugwirizana naye, undiimbire tikangane. Ukalimaliza n'kupezabe kuti mulibe kanthu, ndalama yakoyo ndidzakubwezera ndikagulitsa mtedza.

Upereke moni kwa onse a kwathu amene uli nawo kumeneko, ndipo uziyenda mosamala.

Ndine,
Malume ako